Sizasi ya Malemu ndi Lupanga la mu Gemu

Mwana wa mlongo wanga ndi telala. Ine ndimamutchula kuti Kasingano kuyambira tsiku limene anabadwa, chifukwa anali wowonda moti anamwino anamusowa kawiri m'kansalu komwe anamufunditsa. Amayi ake amati ndikunama, koma ine ndinalipo. Kachitatu anamupeza chifukwa anayetsemula.

Shopu yake ndi yanga zagundana. Ine ndimameta anthu, iye amawaveka, ndiye munthu amalowa mumsewu wathu ali ngati wathawa moto, n'kutulukamo ngati akupita kukalandira mendulo. Pakati pathu pali khoma la matabwa opyapyala. Makina ake osokera akalira ndimamva, anga ometera akalira amamva, ndipo ndikanamiza kasitomala amatsokomola.

Mukalowa mwa Kasingano mupeza tebulo lalitali lodulirapo nsalu, makina awiri osokera, simbi, galasi long'aluka pakona, ndi chithunzi cha bambo ake, mlamu wanga malemu. Pansi pa chithunzicho pali msomali, ndipo pamsomalipo pali sizasi.

Malemuyo anali telala wosayamba. Ankayeza munthu ndi maso ali kutsidya kwa msewu. Tsiku lina anasokera suti munthu amene anangomumva akutsokomola pafoni, ndipo inamukwana mpaka m'khwapa. Sizasi yake ndi ya zogwirira zakuda, yolemera ngati mwana wa mbuzi. Ikamayenda pansalu inkalira kuti khweee, agalu a mumsewu n'kusiya kuuwa kuti amvere. Atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, achemwali anga anatenga sizasiyo, n'kuiika m'manja mwa mwana wawo.

"Dzina la bambo ako lili umu," anatero. "Usalitaye."

Kuchokera pamenepo, Lolemba lililonse m'mawa achemwali amabwera ndi kabotolo ka mafuta ndi kasanza kamene sikagwira ntchito ina padziko lapansi. Amapukuta sizasiyo, kuidontheza mafuta, kuiyang'ana kanthawi, n'kuibwezera pamsomali.

Tsono Kasingano ndi wamanzere. Zimenezi aliyense amadziwa. Amalemba ndi manzere, amatakasa tiyi ndi manzere, ndipo ali wamng'ono anandimenya khofi ndi manzere lomwelo, mpaka lero khutu ili limamva wailesi za kunja. Koma pabanja ponse palibe amene anaganizapo kuti sizasi nayo ili ndi dzanja lake. Ngakhale ine, amene ndameta anthu zaka makumi atatu. Apa ndilembe mwachangu, tipitirire.

Kuseri kwa mipukutu ya nsalu, pashelufu ya pansi, Kasingano amabisako kasikirini ndi kachida kodinira. Masana, nthawi ya chakudya, amatseka chitseko theka n'kuyamba kusewera gemu. Nkhani ya gemuyo ndi iyi. M'gawo loyamba, ngwazi ina imapha chinjoka chamapiko cholavula moto, ndi lupanga lotalika ngati chitseko. M'gawo lachiwiri ngwaziyo imakalamba, imamwalira, anthu n'kuimangira chipilala. Gawo lachitatu silinatuluke. Opanga gemuyo anangotulutsa kakanema kolawitsa, kosakwana mphindi ziwiri, koonetsa mwana wamkazi wa ngwaziyo akukwera phiri atabereka lupanga la bambo ake kumsana. Salankhula. Akwera, apukuta thukuta, atsegula kageti ka chitsulo, basi kakanema katha.

Chifukwa cha mphindi ziwiri zimenezi, anthu mazana awiri pagulu lina la pafoni akhala akukangana miyezi inayi. Muli madokotala, muli oyendetsa mabasi, muli amayi a ana asanu. Ena mabanja awo agwedezeka.

Ine anandilowetsa pagulupo ndi kasitomala wanga wokonza mafiriji. Ndikumumeta, mutu sunkakhazikika, zala zili piringupiringu pafoni, mpaka ndinatsala pang'ono kumuchotsa khutu.

"Bwana, mukulemba kalata ya ukwati?"

"Amalume, pali chitsiru china chikuti Mwana wa Ngwazi sadzamenya nkhondo ndi lupanga la bambo ake."

Gemuyo ndinali ndisanaigwirepo, koma mkangano sufuna satifiketi. Ndinamuuza kuti andilowetse, ndipo ndinadzipatsa dzina loti Mkango Wopuma Pantchito. Uthenga wanga woyamba unali wotere: "MWASWERA BWANJI NONSE. LUPANGA LA BAMBO NDI LA MWANA. ADZADULA NALO PHIRI PAKATI, THEKA N'KUPATSA ANENEBA. AMENE AKUTSUTSA SANALEREDWE."

Pasanathe mphindi, wina wotchedwa Ulusi Wakuda anayankha kuti, "Agogo, mwaonera kanemayo kapena mwangomva fungo?"

Chimene ndinaona n'chakuti Ulusi Wakuda akamalemba, makina a kuseri kwa khoma ankaima. Uthenga ukafika pafoni yanga, makina aja n'kuyambiranso. Ndinayesa katatu kuti nditsimikize. Ndinaseka mpaka ndinameta mwana wa eni nsidze imodzi. Kuyambira tsikulo ntchito yanga inali imodzi: kumuputa Kasingano iye asakudziwa.

Koma mwanayo anali ndi mfundo. Ena onse ankayang'ana lupanga, iye ankayang'ana zovala. Analemba kuti: "Imitsani kanema pamene akupukuta thukuta. Golovesi ya kumanzere yatha pachikhato, ili ndi zigamba ziwiri. Ya kumanja ndi yatsopano. Geti akutsegula ndi manzere. Tsono onani lamba wa lupanga. Anasokera bambo ake, chogwirira chatulukira paphewa la kumanja. Wina anaboola mabowo atatu atsopano kuti lambayo amukwane, koma sanamutembenuze. Anamuchepetsera lamba, palibe anamufunsa dzanja."

Gulu linaphulika. Wokonza mafiriji uja, amene pagulupo ndi Chimphepo, anati ojambula anangolakwitsa. Ulusi Wakuda anati wojambula saika chigamba kawiri mwangozi. Wina anati ndiye kuti lupangalo lidzabedwa ndi mbava, mtsikanayo apume. Ulusi Wakuda anakana. "Likabedwa kapena kuthyoka, ndiye kuti olemba nkhani achita mantha. Ayenera kulitula yekha, pamaso pa amene anamusenzetsa." Ine ndinayankha kuti mtsikanayo ali ndi manja awiri a kumanja, lina analibisa m'thumba, ndipo amene akufuna umboni abwere ndi galimoto.

Zinthu zinasintha Lachinayi lina, pamene analowa a Positi. Awa ndi bambo wamkulu amene ananyamula chikwama cha makalata zaka makumi atatu ndi zisanu paphewa limodzi, moti phewa la kumanja linatsika mpaka limafuna kulowa m'thumba la buluku. Mvula ikagwa, madzi onse amatsetserekera mbali imodzi. Telala mmodzi yekha ndi amene ankatha kuwasokera jekete loti mapewa aoneke olingana, ndipo telalayo ali pachithunzi.

Anafika ndi phukusi, ine n'kuwatsatira ndi chipeso m'manja ngati ndabwera kudzabwereka simbi. Anamasula nsalu ya imvi ya timizere toyera topyapyala.

"Mdzukulu wanga akumaliza maphunziro a unamwino Loweruka la sabata ya mawa," anatero. "Nsalu iyi anandigulira ndi mayi wa kunyumba asanatisiye. Ndaisunga zaka khumi. Ina ngati iyi kulibe."

Kasingano anaiyeza ndi tepi, n'kuiyezanso. "Agogo, ikungokwanira jekete limodzi ndendende. Sipatsala ngakhale ya kathumba."

"N'chifukwa chake ndabwera kuno. Udule ndi sizasi ya bambo ako. Imeneyo imandidziwa."

Achemwali nkhani anaimva tsiku lomwelo, chifukwa ine ndimasunga chinsinsi ngati sefa. Anati Lolemba adzakhalapo, adzaone ndi maso sizasi ya amuna awo ikudula nsalu ya a Positi monga kale.

Mawa lake ndinalowa mwa Kasingano masana, n'kumupeza gemu ili yozimitsa. Anali ataweramira tebulo akuyeserera pa chidutswa cha nsalu ya mizere. Kwa nthawi yoyamba ndinamuyang'ana akudula, osati ngati malume wofuna nthabwala, koma ngati munthu wodziwa mpeni. Sizasi ili kumanzere. Mpeni wa pamwamba wa sizasiyo unkaphimba mzere wa choko, ndiye iye ankapinda khosi ngati nkhuku yoyang'ana kabawi kuti aone kumene akupita. Mipeni inkafuna kutalikirana, iye n'kumaikanikiza ndi chala chachikulu kuti ilume nsalu. Pansalu yopanda mizere, kupatuka pang'ono amakubisa ndi msoko. Pa ya mizere, kupatuka kulikonse kumaimba nyimbo.

"Taonetsa chalacho."

"Palibe kanthu, amalume."

Ndinachigwira. Pansi pa chala chachikulu panali thuza lakale louma ngati chikopa cha nsapato, ndi lina latsopano pambali pake. Ndinakumbukira golovesi ya zigamba ziwiri ija, ndipo nthabwala imene inali pakamwa inabwerera yokha m'mimba.

"Kodi za amanzere sapanga?"

Anayang'ana kukhomo, kenako anakoka bokosi la kachida kodinira kaja. Pansi pake panali sizasi ya zogwirira zofiira, yonyezimira.

"Chaka chachiwiri ichi," anatero. "Ndimangoitulutsa kuiyang'ana. Ndikadula nayo ya a Positi, amayi aona kuti ndataya abambo. Ndikadula ndi ya abambo, mizere ikapatuka, nsalu ya eni yapita, dzina la abambo lapita nayo. Ndiye mundiuze inuyo, anzeru a kuseri kwa khoma."

Anzeru a kuseri kwa khoma anaganiza Loweruka lonse ndi Lamlungu lomwe, n'kupeza nzeru imene mbuzi ikanaikana. Ndimasunga kiyi wapadera wa shopu yake. Lolemba m'mawa, iye asanafike, ndinalowa, n'kuchotsa sizasi ya malemu pamsomali, n'kukaibisa pansi pa matawulo m'shopu mwanga. Ndinati ikasowa, mwana adula ndi yake, palibe wolakwa, ndipo ine adzandimangira chipilala.

Achemwali atafika n'kuona msomali uli wokha, anakuwa mfuu imene inaimitsa mawotchi atatu ndi basi imodzi. Msewu wonse unasonkhana. Wogulitsa nyuzi anati anaona munthu wamtali. Wosoka nsapato anati anali awiri, afupiafupi. Ine ndinali kalikiliki kumeta mphunzitsi wina, nkhope ili ngati ya wansembe.

Chitseko changa chinatseguka. Analowa Kasingano, n'kutambasula dzanja lamanzere.

"A Mkango Wopuma Pantchito, bweretsani lupanga."

Makina anandipulumuka, n'kulima msewu pakati pa mutu wa aphunzitsi.

"Ukunena ndani, iwe?"

"Amalume, pa anthu mazana awiri, amene amayamba wapereka moni ndi zilembo zikuluzikulu asanatukwane ndi mmodzi yekha. Komanso Mkango ukamalemba, makina ometera amaima. Khomali limamva mbali zonse."

"Unadziwa liti?"

"Tsiku loyamba. Mukuganiza kuti ndinkati agogo chifukwa chiyani?"

"Ine ndimati ndikuthandize, mwana wa mlongo wanga."

"Ndikudziwa. Koma mumawerenga zimene ndimalemba, kapena mumangodikira kuti muyankhe? Ndinati likabedwa ndiye kuti chiyani?"

"Olemba achita mantha," anayankha aphunzitsi ali m'chinsalu chometera. Ndi pamene ndinadziwa kuti nawonso ali pagulu.

Ndinatulutsa sizasi m'matawulo, n'kupita nayo kushopu yake, ine kumbuyo, iye patsogolo, anthu akutipatsa njira ngati tanyamula mwana wobadwa kumene. Achemwali anandiyang'ana ndi diso limene ankandiyang'ana nalo ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri nditamwa mkaka wa khanda. Koma Kasingano sanawapatse mpata. Anatseka chitseko, anthu n'kutsala panja. Anaika sizasi yakuda patebulo, n'kutulutsa yofiira ija, n'kuiika pambali pake.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa achemwali.

"Ndi yanga, amayi. Ndinagula kalekale." Anatenga chidutswa cha nsalu, n'kulemba mzere wa choko. "Tandidulireni apa. Ndi yofiirayi."

"Ine ndinkathandiza bambo ako kudula iwe usanabadwe."

"N'chifukwa chake ndapempha inu."

Achemwali anaigwira ndi dzanja lamanja, mokwiya. Nsalu inapindika pakati pa mipeni. Anayesanso. Anapinda khosi kusaka mzere wa choko, khosi lomwe lija la nkhuku ndi kabawi. Anakanikiza ndi chala, nkhope n'kukwinyika. Atafika kumapeto, chidutswacho chinali ngati chatafunidwa ndi ng'ombe yopanda mano.

"Anakunamiza amene anakugulitsa. Iyi ndi yakufa."

"Ndi yamoyo, amayi. Ndi ya dzanja lina basi." Anailandira ndi manzere, n'kudutsa pa chidutswa chomwecho kamodzi, mzere woongoka ngati wa lula. "Mmene yakuchitirani inumu, ndi mmene ya abambo imandichitira ine."

Kenako anawaonetsa chala chija.

Ndinkamva aphunzitsi akudandaula za mutu wawo kuseri kwa khoma. Achemwali anagwira chalacho ndi manja awiri, n'kumachisisita pang'onopang'ono ndi chala chawo.

"Zaka zonsezi?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Nanga pakamwa unali ndi thuzanso? Bwanji sunanene?"

"Munkabwera ndi kabotolo ndi kasanza, amayi. Ndikanayambira pati?"

Achemwali anayang'ana chithunzi cha amuna awo. Ndinkaganiza kuti alira, ndipo ndinali nditakonza kale phewa langa. M'malo mwake anatembenukira kwa ine, n'kundikwapula ndi kasanza ka mafuta kaja pamphuno.

"Iwe! Zaka makumi atatu ukugwira sizasi, osadziwa kuti ili ndi dzanja?"

"Achemwali, ine ndimagwiritsa ntchito makina."

"Ndipo ndiwe wakuba."

"Wobwereka."

Kasanza kanabweranso. Kenako anatola sizasi yakuda, anaipukuta monga mwa nthawi zonse, n'kuikoleka pamsomali. Anamasula okha phukusi la a Positi, n'kuyala nsalu ya imvi patebulo, akuisalaza ndi zikhato.

"Lemba choko chako," anatero. "Ine ndikugwirira mbali iyi."

Ndaona zinthu pamoyo wanga. Ndinaonapo munthu akuyetsemula mpaka mano oikirira kukagwera m'basi yodutsa. Koma sindinaonepo nsalu ikudulidwa ngati tsiku limenelo. Khosi lili chilili, chala chili phee, sizasi yofiira ikuyenda pakati pa timizere ngati ikudziwa kwawo. Sinkalira khweee ngati ya malemu. Inkangoti tsepu, tsepu, tsepu, motsitsa mawu. Agalu sanasiye kuuwa, koma mmodzi anakhala pansi.

Lachisanu a Positi anabwera kudzayesa. Achemwali analipo, ine ndinalipo chifukwa simbi ija ndinali ndisanaibwerekebe. Kasingano anawaveka jekete, n'kuwatembenuzira kugalasi. Mapewa anali olingana moti ukanaikapo kapu ya tiyi mbali iliyonse osatayika dontho. Timizere ta kumsana tinakumana ndi ta m'mikono ngati tinapangana.

A Positi anadzigunda pachifuwa. "Mwaona? Ndinanena ine! Sizasi ya malemu siiphonya!"

Kasingano anatsegula pakamwa, koma amayi ake anamutsogolera.

"Ya malemu ndi iyo ili pamsomaliyo, bambo. Nsalu yanu sinaikhudze. Wadula ndi mwana wangayu, ndi sizasi yake."

A Positi anayang'ana msomali, anayang'ana sizasi yofiira patebulo, n'kubwerera kugalasi. Anakweza mkono, anautsitsa. Anatembenuka kuti aone kumsana. Anayesa dala kugwetsa phewa lija, jekete n'kukana.

"Ndiye bwanji simunandiuze kale?" anatero. "Kunyumba kuli mabuluku atatu amene ndakhala ndikuopa kubweretsa."

Masiku ano achemwali amabwerabe Lolemba ndi kabotolo kawo, koma amapukuta sizasi ziwiri. Kasingano amadandaula kuti amathira mafuta ambiri moti yofiirayo imamuterera m'manja, iwo amati sizasi ya pabanja pano siikhala youma. Matuza aja akutha. Kiyi wapadera anandilanda.

Gawo lachitatu la gemu silinatulukebe, ndipo gulu likukanganabe. Chimphepo tsopano akuti mwina chinjoka sichinafe n'komwe. Aphunzitsi amavala chipewa. Ine ndasintha maganizo pang'ono. Dzulo ndinalemba kuti: "MWASWERA BWANJI NONSE. MWANA WA NGWAZI ADZAKOLEKA LUPANGA PAMSOMALI, KOMA AMENE ADZAMUTHANDIZE NDI MALUME AKE, MUNTHU WOONEKA BWINO KWAMBIRI, AMENE ANABISIKA KUSERI KWA GETI. ONETSETSANI."

Kuseri kwa khoma makina anaima. Foni yanga inalira.

"Ndaonetsetsa, agogo," analemba Ulusi Wakuda. "Kuseri kwa geti kuli mbuzi."